Ayi achimwene, filimu yotsogolera Alien musamupatse Hans Zimmer

Achimwene, funso lanu ndaliona mochedwa, ndapeza anthu atayankha kale ambirimbiri, koma ndiloleni nane ndiponyepo mawu. Mwafunsa kuti atati akonze filimu ina yofotokoza zimene zinachitika isanayambe nkhani ya Alien (filimu yoopsa ya 1979 ya chilombo cholowa m'chombo cha m'mlengalenga), ija amati prequel, ndani angayenere kupeka nyimbo zake. Inuyo mwayankha kale nokha kuti palibenso wina koma Hans Zimmer, ndipo ambiri m'makomentimu akuombera m'manja. Ine ndikukana. Nditalikitsako, ndiye amene bandulo yawatsalira pang'ono andikhululukire.

Zimmer sindikumunyoza ayi. Munthu amene anatenga Oscar ndi The Lion King ya 1994 n'kudzatenganso ina ndi Dune ya 2021 si wochezera naye. Ridley Scott, amene anakonza Alien yoyamba, amadziwananso naye bwino, anagwirira limodzi Gladiator mu 2000 ndi Black Hawk Down mu 2001. Ngakhale filimu yoopsa anaipekerapo, The Ring ya 2002. Vuto ndi lakuti Zimmer amene inu mukumufuna ndi uja wa Interstellar ndi Dune, wa nyimbo zodzaza chipinda chonse mpaka mawindo kunjenjemera. Nyimbo zotere zimakuuza kuti chimene ukuonacho n'chachikulu, uchite nacho chidwi. Mantha a Alien si amenewo. Ndi aja a usiku kumudzi, mwazimitsa nyali, mwamva kanthu kakukhwekhwereza kuseri kwa nyumba, kenako zii. Chokuchititsa tsemwe ndi zii ameneyo. Ukaikapo ng'oma makumi awiri ndi malipenga, mantha onse athawa.

Tibwerere ku 1979, chifukwa nkhani ya nyimbo za filimu yoyamba ija ambiri saidziwa. Scott ankafuna Isao Tomita wa ku Japan, katswiri wa synthesizer (kiyibodi yopanga mawu ndi magetsi), koma akuluakulu a kampani ya mafilimu ya 20th Century Fox anafuna dzina lomwe analizolowera, ntchito n'kugwera Jerry Goldsmith. Goldsmith anapeka nyimbo yotsegulira yokoma, ya lipenga limodzi lolira mosungulumwa, poganiza kuti woonera ayambe wagoma ndi kukongola kwa mlengalenga kuti chilombo chidzamupeze atatayirira. Scott sanaikonde, anafuna yoopsa kuyambira pachiyambi. Goldsmith anapeka ina, ya timaphokoso tachilendo tongobwerezabwereza, ndipo ndi imene timaimva filimu ikamayamba. Pofuna kuti chilombo chikhale ndi liwu lakelake anafunafuna zoimbira zosazolowereka: chigoba cha nkhono ya kunyanja, didgeridoo ya ku Australia, ndi lipenga lina lakalekale lokhotakhota lotchedwa serpent. Atamaliza, Scott ndi edita wake Terry Rawlings anadula nyimbo zina, malo ena n'kuikamo zimene Goldsmith yemweyo anapekera filimu ya Freud mu 1962, ndipo kumapeto kwenikweni anachotsa yake n'kuikapo chidutswa cha Symphony No. 2 ya Howard Hanson. Mkuluyu zinamuwawa kwa zaka zambiri. Ndikunena izi kuti tisamaganize kuti wopeka nyimbo akasankhidwa ndiye basi, zonse zili m'manja mwake. Mwini filimu ndi dairekita, ndipo pamwamba pa dairekita pali eni ndalama.

Tsono prequel ili ndi vuto lakelake limene filimu yotsatira ilibe, ndipo apa ndi pamene pagona yankho langa. Mu Aliens ya 1986, filimu yachiwiri, Ripley, mayi amene anapulumuka mu yoyamba ija, akudziwa kale chimene chikumudikira, ifenso tikudziwa, ndiye James Horner anali womasuka kuliza ng'oma za asilikali. Mu prequel anthu a m'filimumo sadziwa kanthu. Akupita kukafukula chinthu ali ndi chimwemwe, akuganiza kuti apeza mwayi. Odziwa mathero ndife oonera tokha. Nyimbo zikayamba kuopseza pa mphindi yoyamba ndiye kuti zikudziwa zimene anthuwo sanazidziwe, zaulula nthano agogo asanafike pakati. Zikangokoma osanunkhako imfa ngakhale pang'ono, zikutinamiza ife amene tinaonera kale filimu yakale. Wopeka ayenera kuyenda pakati pa ziwirizi. Ndipo ali ndi katundu wina pamutu: chuni chakale chija chimene aliyense akuchiyembekezera. Akachiimba msanga chimasukuluka, akachisiyiratu anthu amati iyi si Alien. Luso lagona pa kudziwa nthawi yochitulutsira.

Chitsanzo chimene ndimachikonda si cha Alien, ndi cha The Thing. Ya 1982 ya John Carpenter inali ndi nyimbo za Ennio Morricone, ndipo imene imakumbukika ndi ya besi yogunda kawiri ngati mtima, du-du, kenako chete, du-du. Panthawiyo anthu sanaimvetse, mpaka inaikidwa pa mndandanda wa mphoto zachipongwe za Razzie monga imodzi mwa nyimbo zoipitsitsa za chaka chimenecho. Zina zimene Morricone anapekera filimuyi Quentin Tarantino anadzaziika mu The Hateful Eight mu 2015, filimu imene inamupatsa Morricone Oscar. Dziko ndi lozungulira ndithu. Mu 2011 kunatuluka prequel yake, ya dzina lomwelo, yofotokoza zimene zinagwera anthu a ku Norway pa kampu yawo ku Antarctica. Nyimbo anapatsa Marco Beltrami, uja wa Scream, amenenso anaphunzirapo kwa Goldsmith. Filimuyo payokha ili ndi zofooka zake, makamaka chilombo chopangidwa pa kompyuta chimene sichikhutiritsa ngati zidole za 1982 zija. Nyimbo za Beltrami nazonso m'malo ena n'zaphokoso kuposa mmene ine ndikanafunira. Koma mathero anawagwira bwino. Mayina akuyamba kutuluka, galu akuthawa pa chisanu, helikopita ikumulondola, ndipo du-du wa Morricone uja akulowa wathunthu. Pamenepo filimu yatsopano yakupereka m'manja mwa yakale, imene imayamba ndi galu yemweyo, ndipo ukudziwa kumene galuyo akupita ndi chimene wanyamula. Akanakhala kuti ankaliza nyimbo imeneyi paliponse chilombo chikaonekera, pofika apa ikanakhala itatha mchere.

Ku Alien kwenikweniko mafilimu a prequel alipo kale awiri, ndipo atiphunzitsa zosiyana. Prometheus ya 2012, imene nkhani yake ikuchitika mu 2093, zaka pafupifupi 30 chombo cha Nostromo cha mu Alien yoyamba chisanakumane ndi tsoka lake, Scott anapatsa Marc Streitenfeld wa ku Germany. Dzinali ambiri simukulidziwa, koma anali atapekera kale Scott mafilimu anayi motsatizana kuyambira A Good Year mu 2006 mpaka Robin Hood mu 2010, ndipo ntchito anayambira pansi pa Zimmer yemweyo. Anachita chinthu china chanzeru: nyimbo zina anauza gulu la oimba kuti liimbe chobwerera m'mbuyo, kuchokera kumapeto kupita koyambira, kenako n'kuzitembenuza pa makina, moti khutu limamva kuti china chake sichili bwino koma osadziwa kuti n'chiyani. Chuni chachikulu cha filimuyi, chodzaza ndi chiyembekezo, anapeka ndi Harry Gregson-Williams. Ambiri anadandaula kuti chikukoma kwambiri, sichikuopsa. Ine ndimaona kuti chinali cholondola, popeza anthu aja ananyamuka kukasaka amene anawalenga, sanapite kokafa. Cha Goldsmith chimangomveka pang'ono pamene chithunzi cha nkhalamba Weyland, mwini kampani imene inawatuma, chikulankhula kwa a m'chombo.

Alien: Covenant ya 2017 inapita mbali inayo. Gregson-Williams ndiye amayenera kupeka, koma anachoka, m'malo mwake n'kulowa Jed Kurzel wa ku Australia, amene anapeka za The Babadook. Kurzel anabweretsa lipenga la Goldsmith lija msanga ndiponso kangapo. Kwa ife okonda filimu yakale zinatikomera m'khutu, sindinama. Koma ndikaganiza bwino, kunali kukongola mantha kwa filimu ina. Zake za Kurzel mwini, zija zogunda pansipansi ngati munthu akupuma movutika, ndi zimene zimagwiradi ntchito, ndipo ndikanakonda akanazisiyira malo ambiri.

Mwina mwaona kale kuti m'nkhani zonsezi palibe amene anasankhidwa chifukwa choti okonda mafilimu anavota. Dairekita amatenga munthu amene amamvana naye. A Quiet Place ziwiri zoyamba anapeka ndi Beltrami, koma prequel yake ya 2024, Day One, dairekita watsopano Michael Sarnoski anabwera ndi Alexis Grapsas amene anagwira naye pa filimu yaing'ono ya Pig mu 2021. Prey ya 2022, yotsogolera Predator, imene nkhani yake ili mu 1719 pakati pa mtundu wa Comanche, dairekita Dan Trachtenberg anapatsa Sarah Schachner atamva nyimbo zake m'gemu ya Assassin's Creed Valhalla. Mayi ameneyu ankadziwika kwambiri ndi magemu, koma anapeka nyimbo zomveka za nthaka ndi nthawi imeneyo, n'kungokhudza chuni cha Alan Silvestri cha mu Predator ya 1987 apo ndi apo. Pa ma prequel onse amene ndatchula, iyi ndi imene ndimaiika pamwamba pa nkhani ya nyimbo.

Palinso nthawi. Horner anafika ku London akuganiza kuti ali ndi masabata asanu ndi limodzi opekera Aliens, n'kupeza filimu isanathe kulumikizidwa. Anagwira ntchito mothamanga mpaka anayambana ndi dairekita James Cameron, osagwiriranso limodzi kufikira Titanic mu 1997. Dzina lalikulu limakhala ndi mafilimu angapo pamzere, ndipo filimu yanu ikachedwa silidikira.

Ndiye inuyo mungasankhe ndani, mutero. Ine dzina langa loyamba ndi Hildur Guðnadóttir wa ku Iceland. Ambiri amamudziwa ndi Joker, imene anatengera Oscar mu 2020, koma ine ndikumufuna chifukwa cha Chernobyl ya 2019, sewero la pa TV lonena za ngozi ya nyukiliya. Nyimbo za sewero limene lija anazipanga kuchokera ku maphokoso amene anakajambula m'kati mwa fakitale ya magetsi a nyukiliya yotsekedwa ya Ignalina ku Lithuania: zitseko, mapaipi, kulira kwa zipinda zazikulu zopanda anthu. Ukamaonera sudziwa pamene phokoso la nyumbayo lathera ndi pamene nyimbo yayambira. Tangoganizani zimenezo m'chombo cha m'mlengalenga. Nostromo inali ngati chigalimoto chonyamula katundu, cha anthu asanu ndi awiri odandaula za malipiro, chodontha madzi, maunyolo akulira. Munthu wotha kuchititsa kuti chombo chokhacho chizimveka ngati chikupuma ndiye amene nkhaniyi ikumufuna. Amaimbanso cello, chivayolini chachikulu chija, ndiye pofunika chuni chogwira mtima cha anthu amene sakudziwa kuti sabwerera, sangasowe pogwira.

Wachiwiri ndi Mica Levi, wa Under the Skin ya 2013. Viola yake, yonga vayolini, imatsetsereka kuchoka pa liwu loyenera mpaka m'mimba kuchita ngati wakwera basi yotsika phiri. Akanakhala woyamba, kungoti ndikukayika ngati kampani yaikulu imene yathira ndalama zambirimbiri ingamulole kuchita misala yake osamudula ngati mmene anamudulira Goldsmith. Ben Salisbury ndi Geoff Barrow a Annihilation nawonso sindingawakane. Benjamin Wallfisch, amene wina wamutchula pamwambapa, anagwira bwino Alien: Romulus mu 2024, koma ija si prequel, nkhani yake ili pakati pa filimu yoyamba ndi yachiwiri, ndiye kutapa mwa Goldsmith ndi mwa Horner kunali kololedwa.

Aliyense mwa amenewa ndikanamupatsa lamulo limodzi lokha: lipenga la Goldsmith lisamveke mpaka mphindi zomaliza, pamene nkhani yagundana ndi ya 1979. Ndipo lilire lokha ngati mmene mwini wake analipekera, popanda ng'oma pansi.

Kanthu kena kakang'ono, poti ndaona wina walemba kuti nyimbo za m'mafilimu oopsa sazimva n'komwe. Ambirife mafilimuwa tinawaonera m'mavidiyo a m'misika, DJ akumasulira m'Chichewa pamwamba pa chilichonse, kapena pa foni ya kasipika kakang'ono kamene besi sikatulutsa. Zosangalatsa zake zilipo, nane ndinaseka nawo, koma theka la ntchito ya anthu awa limakhala litafera pomwepo, chifukwa nyimbo zoopsa zambiri zimakhala pansi kwambiri pamene foni sifika. Achimwene, musanandiyankhe pezani mahedifoni abwinoko, dikirani usiku, muonere mphindi zisanu zomaliza za The Thing ya 2011 n'kulumikiza pomwepo ndi mphindi zisanu zoyamba za ya 1982. Mukatero tsegulani gawo loyamba la Chernobyl. Mukabwerako mukadali pa Zimmer, ndidzamva mfundo zanu.