Chiikireni jumbo frame, mafayilo akuluakulu akuima panjira

Mkulu wina amene amayang'anira makompyuta pa kampani yaing'ono yosindikiza zikwangwani ku Lilongwe wandilembera imelo. Mwachidule akuti: "Tinagula NAS yosungiramo mafayilo. Nditamva kuti jumbo frame imafulumizitsa netiweki, ndinaika MTU ya 9000 pa NAS ndi pa makompyuta awiri a ojambula. Mafoda akutseguka, ping ikuyankha, koma fayilo yaikulu ikangoyamba kukopedwa imaima. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, zizindikiro mwatchulazi zikuloza pa switch ina (kabokosi kolumikizirapo mawaya a netiweki) yomwe ili pakati pa makompyutawo ndi NAS.

Ethernet wamba, yomwe ndi netiweki ya waya, imanyamula deta m'mapaketi osapitirira mabaiti 1500, ndipo malire a kukula kwa paketi ndiwo amatchedwa MTU. Jumbo ndi paketi yokula kuposa apo, kawirikawiri 9000. Kompyuta ndi NAS zikamayamba kulankhulana kudzera pa TCP (ndondomeko yotumizirana deta), zimauzana kukula kwa katundu amene chilichonse chingalandire. Zanuzo zonse zikuti 8960 (9000 kuchotsapo mitu ya paketi, pomwe pamalembedwa adiresi ndi zina), ndipo zagwirizana. Koma palibe chafunsa ma switch apanjira. Zili ngati anthu awiri kupangana zotumiza lole yodzaza matumba osaona ngati mlatho ungapirire. Router, chipangizo cholumikiza manetiweki osiyana, ikakumana ndi paketi yaikulu imatumiza uthenga wochenjeza wotchedwa ICMP woti chepetsani. Switch yosadziwa jumbo siyankhula kanthu, imangoitaya. Ping ya Windows, kauthenga koyesera ngati chipangizo china chikuyankha, imanyamula mabaiti 32 okha, n'chifukwa chake ikudutsa bwinobwino n'kumakunamizani kuti zonse zili bwino.

Ndiye yesani ndi ping yaikulu yoletsedwa kuduladula. Pa Windows lembani ping -f -l 8972 kenako IP ya NAS. Pa Linux ndi ping -M do -s 8972. Nambalayo ndi 9000 kuchotsapo 28, chifukwa mutu wa IP umatenga mabaiti 20 ndipo wa ICMP umatenga 8. Yambani ndi 1472 (1500 kuchotsapo 28) kuti mutsimikize kuti njira ndi yamoyo.

Yankho lake muliwerenge mofatsa, chifukwa kulephera kuli pawiri. Ikanena kuti "Packet needs to be fragmented but DF set", paketi sinatuluke n'komwe, kutanthauza kuti kompyuta yanuyo sinalandire 9000. Lowani mu Device Manager, pa khadi la netiweki muone Jumbo Packet. Makhadi a Intel amalemba 9014, osati 9000, poti amawerengera ndi mabaiti 14 a mutu wa Ethernet. Koma ikangoti "Request timed out", paketi yatuluka ndipo yafera panjira.

Apa tsatirani waya ndi manja anu. M'maofesi ang'onoang'ono nthawi zambiri mumakhala ka switch ka mapoti asanu kapena asanu ndi atatu kuseri kwa kabati, komwe wina anaika malo olumikizira atachepa, ndipo aliyense anakaiwala. Ena mwa timaswitch timeneti timadutsitsa jumbo, ena ayi, ndipo tilibe pomwe mungasinthe. Tengani kompyuta imodzi mulumikize pa switch yaikulu pomwe pali NAS, muyesenso. Ikadutsa, mwampeza wolakwa.

Ikakanabe, ndiye switch yaikuluyo. Iikeni pa nambala yokwera kuposa ya makompyuta, monga 9216 ngati ikulola, kuti mitu ya paketi ndi mabaiti 4 a VLAN (chigawo chapadera cha netiweki) zipeze malo. Bungwe la IEEE, lomwe limakhazikitsa miyezo ya Ethernet, silinaikepo jumbo mu muyezo wake wa 802.3, choncho wopanga aliyense amawerengera mwake. Pa Cisco Catalyst 2960, lamulo la system mtu jumbo siligwira ntchito mpaka switch itazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Ndipo chonde sungani zomwe mwasintha. Pa ma switch ambiri, zosasungidwa zimafufutika magetsi akangothima, ndiye vuto limabwerera m'mawa wake inu n'kumadabwa.

Komabe malangizo anga enieni ndi oti mubwezere zonse pa 1500. Ndikunena izi chifukwa ndikufuna ojambula anu agwire ntchito mwamtendere. Pa gigabit, paketi ya 1500 imapereka pafupifupi 95 peresenti ya waya ku katundu weniweni, ya 9000 pafupifupi 99. Phindu lake ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi mutu umene ukukupwetekaniwu. Wi-Fi sinyamula mapaketi a 9000, ndipo intaneti yolumikizidwa mwa njira ya PPPoE, yomwe makampani ena a intaneti amagwiritsa ntchito, nthawi zambiri imathera pa 1492. Jumbo ili ndi malo ake: netiweki ya 10 gigabit, kapena iSCSI (njira yomwe seva imagwiritsira ntchito NAS ngati disiki yake) pakati pa seva ndi NAS. Tsiku lomwe mudzafike pamenepo, mudzaipatulire VLAN yakeyake kapena poti yachiwiri ya NAS, pomwe chipangizo chilichonse mukuchidziwa.

Mukabwerera pa 1500, kopani fayilo yaikulu muone liwiro. Gigabit yathanzi imafika cha m'ma 110 MB pa sekondi. Mukaona 11, pena pake palumikizidwa pa 100 Mbps. Gigabit imafuna timawaya tonse 8 ta m'kebulo, ndipo kamodzi kakaduka kapena kulephera kukhudza pa pulagi ya RJ45, nthawi zambiri liwiro limatsikira pa 100 Mbps. Ngati kuchedwa ndi kumene kunakukankhirani ku jumbo, yambani mwasintha kebuloyo.