Greenhouse yodzithirira yokha: wogula mwamupeza?

Funso: Ndapuma pantchito, ndili ndi K9 miliyoni ya penshoni komanso malo ku Chigumula. Mwana wanga wandionetsa pa Facebook greenhouse (nyumba ya pulasitiki yolimiramo mbewu) yoyendera kompyuta, akuti ndizilimamo zitsamba zamankhwala monga chammwamba ndi jinja. Ndiponyepo ndalamazi?

Yankho: Bambo, makinawo si bodza ayi. Timasensa timazikidwa m'dothi n'kumayeza chinyezi. Dothi likauma pampu imayaka yokha, madzi n'kumadontha patsinde lililonse. Kukatentha mafani amazungulira, uthenga n'kukupezani pafoni muli ku Limbe. Koma zonsezi zimadalira magetsi. Akangothima masana a mu Okutobala, mkati mwa pulasitikimo mumasanduka ng'anjo, choncho pamtengo womwe akuuzaniwo onjezanipo sola ndi mabatire. Zipangizozi n'zochokera kunja, ndipo mukukumbukira momwe mitengo inalumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sensa ikafa, adzakonze ndani?

Chammwamba chokha musachimangire nyumba. Tsikani ku Chikwawa mukaone momwe chikukulira m'mipanda ya anthu, popanda wochithirira. Jinja amatenga miyezi 8 kapena 9 kuti akhwime, nthawi yonseyo ndalama ili gone m'dothi. Greenhouse imabweza msanga pa mbande ndi timasamba todula pafupipafupi ngati minti.

Mayi wina amene ndinamuyendera ku Lunzu alibe kompyuta n'komwe. Thanki ya malita 5,000 ili pamwamba pa nsanja, madzi amatsika okha m'mapaipi odontheza, ndipo kataima ka mabatire kamatsegula m'mawa ndi madzulo. Theka la greenhouse yake anadzalamo tomato, woti azilipira wantchito pomwe zitsamba zikudikira msika. Yambirani pamenepo, masensa mudzagula ndi phindu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti m'kalata yanu simunatchule wogula. Zungulirani mafamase, mahotela ndi opanga tiyi wazitsamba mumzinda muno, muwafunse makilogalamu omwe amatenga pamwezi komanso mtengo wake. Mukafuna kulongedza m'mapaketi, Malawi Bureau of Standards iyenera kuyeza katundu wanu, ndipo mukalembapo kuti amachiza matenda, mwalowa m'manja mwa bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ngati mwana wanuyo akuganiza za chamba chamankhwala, lamulo la 2020 limafuna chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority mbewu isanalowe m'dothi.

Pa K9 miliyoniyo, musatulutse yoposa K3 miliyoni chaka choyamba. Yotsalayo ikhale kubanki kufikira mutaona oda yolembedwa papepala.