Kuchoka ku mbuna kupita ku makorali: yankho kwa achimwene a ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amakhala ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Nkhata Bay. Ndiifupikitsa. Akuti: "Ndaweta mbuna zaka 9 m'thanki ya malita 300 ndipo zimaswana bwinobwino. Mu Disembala ndinapita ndi ana ku uShaka Marine World ku Durban, ndipo chibwerereni mtima wanga uli pa makorali. Kodi thanki yomweyi ndingaisandutse ya madzi a mchere? Mchere ndithire wochuluka bwanji? Nanga makorali ndiwaike patapita masiku angati? Ndalama ndasunga, ndipo ndikufuna kuyamba ndi kugula nyale yabwino."

Achimwene, zikomo polemba. Nanenso ndinayamba ndi mbuna, ndipo thanki ya makorali ndakhala nayo kuno ku Durban zaka 12. Nyaleyo muyambe mwaiiwala. Ndalama zanu zoyamba zipite ku madzi ndi ku batire, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Zaka 9 za mbuna zakuphunzitsani zambiri, koma zakuzolowezaninso zinthu zina zimene zimapha makorali. Mbuna ndi nsomba zopirira. Mukadumphitsa milungu itatu osasintha madzi, zimakulandiranibe pagalasi zikufuna chakudya. Timaziunjika zambiri mwadala kuti yolusa isapeze imodzi yoizunza. Timachotsa theka la madzi nthawi imodzi, n'kuthira a pampopi ndi mankhwala ochotsa klorini, basi zatha. Korali sangapirire zimenezo. Anthu ambiri amamuona ngati mwala kapena chomera, koma ndi gulu la tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi, ndipo m'thupi mwa tinyamato mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae, zimene zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala. Madzi akasintha mwadzidzidzi, kaya kutentha kaya mchere, korali amalavula nderezo n'kuyera ngati fupa. Nsomba imathawira kuseri kwa mwala, koma korali alibe kothawira. Kunyanja kumene amachokera, madzi a lero ndi ofanana ndi a dzulo ndiponso a mwezi wathawu. Ntchito yanu yonse m'thanki yatsopanoyi idzakhala yosunga madzi kuti asamasinthesinthe.

Za thanki yanu ya malita 300: galasi lake lingagwire ntchito, pokhapokha ngati simunathiremo mankhwala okhala ndi kopa pochiza nsomba. Kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu ngakhale atakhala wochepetsetsa, ndipo amakanirira m'miyala ndi mumchenga. Miyala ya mbuna ndi mchenga wake musazigwiritsenso ntchito. Choikapo thanki chikakhala chachitsulo, mchere udzachidya ndi dzimbiri. Komabe maganizo anga ndi akuti mbunazo musazichotse. Ngati malo alipo m'nyumba, gulani thanki ina ya malita 200 kapena kuposa, makamaka yokhala ndi kathanki kena pansi, kamene timakatcha sump, kobisamo hita ndi skimmer, kachipangizo kochotsa zonyansa m'madzi pogwiritsa ntchito thovu. Thanki ya makorali imanyansa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo munthu amene alibe china chokongola choyang'ana madzulo amayamba kugula zinthu nthawi isanakwane. Tithanki ta malita 40 timene amagulitsa ngati toyambira ndiye mutipewe. Madzi akachepa, kulakwitsa pang'ono kumaoneka tsiku lomwelo.

Tsopano madzi. Chinthu choyamba kugula ndi makina osefa a RO/DI, pamodzi ndi kamita koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa, koma amakhala ndi silicate, phosphate ndi nitrate, nthawi zinanso kopa wochokera m'mapaipi a m'nyumba. Zimenezi ndi feteleza wa ndere. Madzi otuluka m'makinawo aziwerenga 0 pa kamitako, ndipo nambala ikayamba kukwera musinthe zosefera zake. Mchere ndi wapadera wa makorali, monga wa Red Sea, Tropic Marin kapena Instant Ocean. Wa kukhitchini ulibe calcium, magnesium ndi zina zimene korali amamangira chigoba chake. Mulingo wake ndi wa m'nyanja yamchere, 35 ppt (magawo 35 a mchere mwa magawo 1,000), kapena kuti 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi. Pa malita 100 mudzafunika makilogalamu osakwana 4 pang'ono, koma musadalire sikelo yokha, muziyeza. Thirani madzi m'chigubu kaye, mchere pambuyo, muikemo kapampu kazitakasa usiku wonse. Refractometer yanu muziyiyesa ndi madzi a m'botolo odziwika kale kuti ndi 35 ppt, chifukwa imasokera osakuuzani.

Pali chinthu chimodzi chimene oweta mbuna sitichiganizira n'komwe. Madzi akamauma m'thanki, mchere umatsalira. Thanki yanga imataya malita atatu kapena anayi patsiku m'mwezi wa Febuluwale. Ndinajambula mzere ndi pentopeni pagalasi la sump, ndipo ndisanagule kachipangizo kothira kokha, m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi ndinkathira madzi mpaka pamzerepo. Madzi obwezeretsa akhale a RO/DI opanda mchere. Mukamathira a mchere, mulingo umakwera pang'onopang'ono mpaka makorali atayamba kufota inu osadziwa chifukwa. Kutentha kukhale madigiri 25 kapena 26. Kuno ku Durban timalimbana ndi chilimwe, fani ikuwomba pamwamba pa madzi. Inu ku Joni nkhondo yanu ndi Juni ndi Julayi.

Apa ndi pamene ndikufuna mukhale pansi, chifukwa ndi pamene ndinalira. M'chaka cha 2023, magetsi akuzimazima maola ambiri patsiku, usiku wina anazima cha m'ma 8 koloko ine ndili kuntchito. Amayenera kuyaka patatha maola anayi, koma china chake chinawonongeka kudera kwathu ndipo sanabwere mpaka m'mawa. Ndinafika kunyumba cha m'ma 3 koloko. M'chipinda munali zii, ndipo munthu woweta nsomba amadziwa mmene bata limenelo limaopsera. Nditaunika ndi tochi ya foni, nsomba zonse zinali pamwamba, kukamwa yasa, makha akuthamanga. Ina imene ndinakhala nayo zaka zisanu inali itagona chammbali pamchenga. Ndinatenga jagi ya kukhitchini n'kuyamba kutunga madzi ndi kuwathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, kutunga, kuthira, mpaka kunja kunayera ndipo mkono unachita dzanzi. Zina zinapulumuka. Patapita masiku awiri, korali wa Acropora amene ndinamulera kuchokera pa kanthambi kotalika ngati chala anayamba kusupuka kuchokera pansi, ndipo pofika madzulo anatsala chigoba choyera.

Chimene chimapha magetsi akazima ndi kutha kwa mpweya. Madzi a mchere amasunga okosijeni wochepa poyerekeza ndi a m'nyanja yathu ya Malawi, amaperewera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Usiku ndere sizipanga mpweya, ndipo nsomba, makorali ndi mabakiteriya onse a m'miyala amaupuma. Inu muli pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka kale, ndiye nthawi yanu ndi yochepa kuposa yanga. Choncho musanagule nsomba ngakhale imodzi, pampu imodzi yotakasa madzi ikhale pa batire kapena inveta yoyaka yokha. Imadya magetsi ochepa, mawati 10 kapena 20, pamene hita imadya 200 kapena 300 ndipo imamaliza batire msanga. Kapampu ka mpweya ka mabatire kakhalenso m'kabati. Kukazizira, fundikani thanki ndi bulangete, ndipo mabotolo a madzi ofunda otsekedwa bwino amathandiza. Nyale ikhoza kukhala yozima masiku atatu makorali osafa. Ndi chifukwa chake ndinati muiiwale kaye.

Kukhwimitsa thanki, kumene ndi kudikira kuti mabakiteriya ochotsa amoniya achuluke, mukukudziwa kale, ndiye sinditalikitsa. Miyala youma ya makorali, pafupifupi kilogalamu imodzi pa malita 10 aliwonse, muisanje mosiya mipata yoti madzi azidutsa ndipo isatsamire galasi. Mchenga ukhale wa aragonite. Thirani mabakiteriya a m'botolo ndi amoniya mpaka 2 ppm (magawo awiri mwa miliyoni), kenako muziyeza. Amoniya asanduke nitrite, nitrite asanduke nitrate. Zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Mukathira amoniya n'kupeza watha mawa lake, nitrite nayenso ali pa 0, thanki yakonzeka kulandira nsomba ziwiri. Makorali ayi.

Kenako kumabwera nyengo yonyansa ija. Poyamba fumbi lofiirira limakuta mchenga ndi galasi, ndere zotchedwa diatom. Zikatha kumamera zobiriwira zonga tsitsi, ndipo ena amaonanso chiguduli chofiira choterera pamchenga. Alendo akabwera amafunsa ngati thanki yawonongeka. Sinawonongeke, walira mvula walira matope. Miyala yatsopano ili ngati munda wolimidwa kumene, chimene chimayamba kumera ndi udzu. Musathamangire mankhwala a m'sitolo. Zulani ndi dzanja, sinthani gawo limodzi mwa magawo 10 a madzi sabata iliyonse, musadyetse mopitirira, ndipo ikani nkhono za Trochus zingapo. Ine ndimakonda kuziyang'ana usiku zikukwera galasi, kakamwa kakupala ndere n'kusiya kanjira koyera kokhotakhota, timaso tili patsinde pa tinyanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'thanki imeneyi mudzawaonadi. Tsiku lina mudzapeza timadontho tapinki tolimba pamwala kapena papulasitiki ya pampu. Ndi ndere za coralline, ndipo zikayamba kufalikira ndiye kuti madzi anu ayamba kukhazikika.

Nsomba zoyamba zikhale ziwiri za clownfish, mtundu wa ocellaris, zobadwira m'thanki. N'zolimba, zimadya chilichonse, ndipo sizinachotsedwe kunyanja. Chizolowezi chounjika nsomba chisiyeni kwa mbuna. M'malita 300 mmene munali mbuna 25, muno mukhala nsomba zing'onozing'ono 6 kapena 7, zolowa imodzi imodzi patadutsa milungu ingapo. Nsomba iliyonse yatsopano iyambe yakhala m'kathanki kapadera, kopanda mchenga, kwa mwezi wathunthu. Ndikudziwa kuti zimatopetsa. Koma matenda a timadontho toyera a m'madzi a mchere, oyamba ndi kachilombo ka Cryptocaryon, mankhwala ake odalirika ndi kopa yemwe uja, amene simungathire muli makorali. Akalowa m'thanki yaikulu muyenera kuphwasula miyala, kugwira nsomba zonse, n'kuisiya yopanda nsomba masiku 76 kuti kachilomboko kafe ndi njala.

Makorali oyamba, pakatha miyezi itatu, akhale ofewa: mushroom, leather ndi zoanthus. Green star polyp ndi wokongola, amaweyula ngati msipu pamphepo, koma mumuike pamwala wakewake chifukwa amakwera paliponse. Pa zoanthus ndi abale ake a Palythoa ndikuchenjezeni kwambiri poti mwatchula ana. Ena mwa iwo ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Muzivala magulovesi ndi magalasi powagwira, musambe m'manja, ndipo musadzayerekeze kuwiritsa mwala wa m'thanki kapena kuuthira madzi otentha. Mabanja athunthu agonekedwapo m'chipatala chifukwa chopuma nthunzi yake.

Pakatha miyezi 6 mukhoza kuyesa a zigoba monga hammer ndi torch. Acropora adikire chaka. Makorali a zigobawa amamwa calcium ndi alkalinity (mphamvu yoletsa madzi kusanduka asidi, yoyezedwa mu dKH) m'madzi pomanga zigoba, ndiye muyenera kuyeza ndi kubwezeretsa. Ine ndimasunga alkalinity pa 8 dKH, calcium pa 420 ppm, magnesium pa 1,300 ppm. Wina amasunga pa 7.5, wina pa 9, ndipo onse makorali awo amakula. Wovutika ndi amene lero ali pa 7, Loweruka pa 10. Mukapeza yatsika, musaikweze kuposa 1 dKH patsiku. Gulani kope la sukulu, muzilembamo tsiku ndi manambala nthawi iliyonse mwayeza. Langa ndi lachinayi tsopano, masamba ake anakwinyika ndi madzi a mchere, ndipo vuto likabwera ndimayamba kufufuza mmenemo ndisanafunse munthu. Nitrate ndi phosphate musazithamangitse mpaka 0, korali amafuna pang'ono: nitrate pakati pa 2 ndi 10 ppm, phosphate osapitirira 0.1.

Kogula makorali, funani tinthambi todulidwa m'mathanki a anzathu oweta. N'totchipa, tinazolowera kale moyo wa m'galasi, ndipo mwini wake amakuuzani kuwala kumene tinakuliramo. Makorali onse a zigoba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, kutanthauza kuti sadutsa malire a dziko popanda chilolezo. Mukadzapita ku Sodwana Bay, m'dera lotetezedwa la iSimangaliso, kaoneni ndi maso okha. Inu a kunyanja mukudziwa kale kuti mbuna za ku Cape Maclear zimatetezedwa m'paki, ndipo ku Sodwana nakonso makorali ndi otetezedwa chimodzimodzi.

Nyale ija tsopano. Gulani ya LED yoti mukhoza kuchepetsa ndi kuwonjezera mphamvu yake. Makorali ofewa safuna yodula kwambiri. Yambani pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu yake, maola 8 kapena 9 patsiku, n'kumakweza pang'ono sabata iliyonse. Korali wosowa kuwala amada n'kumadzitambasula, ndipo amakupatsani milungu yoti mukonze. Wopsa ndi kuwala amayera m'masiku ochepa.

Mundilemberenso, achimwene, mundiuze zinthu ziwiri: ngati munathirapo mankhwala a kopa m'thanki ya mbunayo, ndiponso maola amene batire yanu ingayendetse pampu ya mawati 20. Mukandiyankha zimenezo tikambirana za kukula kwa sump ndi skimmer yoyenera.