Za mahipi, tsitsi lalitali ndi bowa uja

Mdzukulu wanga amene ali ku koleji wandilembera kuti: "Agogo, kale ku America ankamanga anthu chifukwa cha LSD (mankhwala ozunguza bongo opangidwa ndi asayansi) ndi bowa wozunguza bongo, lero maboma ena ayamba kulola. Ndiye kuti mahipi aja ankanena zoona? Nanga ine nditalawako, chingavute n'chiyani?"

Mwanawe, mahipiwo, achinyamata achizungu okana miyambo ya makolo awo, ndinawaona ndi maso angawa, zikwama kumsana, tsitsi lofika m'mapewa, akulowera kunyanja. Boma la Kamuzu silinkawafuna. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pabwalo la ndege asanaponde m'tauni. Ine ndinali mnyamata, ndinkaona ngati n'zoyenera. Lero ndikaganiza zimandipweteka, chifukwa tsitsi silinalakwire munthu.

Ku America zinanyanya. Mu 1953 bungwe la ukazitape la CIA linayamba ntchito yachinsinsi yotchedwa MKUltra, n'kumamwetsa anthu LSD iwo osadziwa. Frank Olson, wasayansi wa gulu lankhondo, anamuthirira m'chakumwa, ndipo patangopita masiku ochepa anagwa kuchokera pawindo la hotela ku New York n'kufa. Zinaululika mu 1975. Koma achinyamata atayamba kumwa okha, uku akukana kupita kunkhondo ya ku Vietnam, boma lomwelo mu 1970 linaika LSD m'gulu la mankhwala oletsedwa kwambiri, ndipo ngakhale madokotala amene ankaifufuza anamangidwa manja kwa zaka zambiri. Pamenepo ndikugwirizana nawe: mantha ndi ndale zinalowererapo.

Tsono tamvera za gogo mnzanga wa ku Mexico, María Sabina, wa m'mudzi wa Huautla de Jiménez. Kwawoko bowa uja anali wa odwala. Ankadya usiku, m'nyumba muli mdima, gogoyo akupemphera ndi kuimba pambali pa wodwalayo. Munthu wathanzi sankangotola n'kudya kuti aone zodabwitsa. Mu 1955 kunafika mlendo wa ku New York, Gordon Wasson, gogoyo anamulandira, iye n'kukalemba nkhaniyo m'magazini mu 1957. Basi, achinyamata achilendo anakhamukira m'mudzimo ngati ngumbi, kudya bowayo masana, opanda matenda, opanda mwambo. Apolisi anabwera, anthu a m'mudzi anaipidwa naye gogoyo, nyumba yake inatenthedwa. Iye mwini anadandaula kuti bowayo anatha mphamvu. Nkhani imeneyi imandikhudza kuposa zonse, chifukwa mahipiwo ankati akuthawa dziko losalemekeza munthu, koma okha sanalemekeze mudzi wa eni ake.

Kuloleza kumene ukunenaku tiyeni tikuone bwino. Ku Australia, kuyambira mu 2023, ndi dokotala wa matenda a maganizo wovomerezeka yekha amene angapereke mankhwala a m'bowayo, kwa munthu wovutika maganizo amene mankhwala ena amukanika. Ku Oregon, chigawo cha ku America komwe anavota zololeza bowayo mu 2020, uyenera kukhala wa zaka 21, kudyera pamalo a chilolezo, pali munthu wophunzira wokuyang'anira mpaka zitakutha. Ofufuza amabweza munthu amene kubanja kwawo kuli matenda a misala, chifukwa zinthuzi zimatha kudzutsa chomwe chinagona. Kodi mnzako wokupatsa kapepala konyika mu LSD m'chipinda chogona wakufunsa za kubanja kwanu? Akudziwa n'komwe chomwe chili pakapepalapo?

Kuno kwathu lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, koma kusuta ukadali mlandu, ndipo akakugwira sukulu yathera pomwepo. Yankho langa ndi lakuti usalawe. Ngati pali chimene chikukulemera mumtima mpaka kufuna kuthawira kumeneko, undiuze ine kapena amayi ako, tipite limodzi kwa dokotala. Pa holide ubwere ndi tsitsi lako mmene liliri, pakhomo pano palibe adzakugwirire lumo.