Mapiko Awiri, Atatu Kapena Asanu? Yankho kwa Bambo a ku Mfuwe Amene Akupanga Airboat

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mfuwe. Akuti mitsinje ya Luangwa ndi Lupande ikadzaza m'nyengo ya dzinja, njira zopita kumidzi ina ya m'boma la Mambwe zimamira, ndipo bwato la injini wamba silipita kutali chifukwa pulopela yake imakodwa m'udzu ndi kukumba mchenga. Ndiye akufuna kupanga airboat, lija bwato lafulati kunsi lomwe limakankhidwa ndi chipulopela chozungulira m'mwamba kumbuyo kwake. Injini ali nayo kale, ya dizilo ya 1HZ yochokera mu Land Cruiser yakale. Funso lawo ndi ili: "Ndigule pulopela ya mapiko angati? Anzanga akuti mapiko akachuluka ndiye kuti bwato lithamanga."

Bambo, zikomo pondilembera. Anzanuwo akuganiza ngati mapiko ndi ng'ombe zapagoli, zoti mukawonjezera ziwiri ngolo iyenda mwamphamvu. Koma pano ng'ombe ndi injini. Mapiko ntchito yake ndi kulandira mphamvu ya injiniyo n'kuiponyera kumphepo basi. Mukaika ochuluka kuposa amene injini ingathe kuwazunguza, idzangobuula, kutulutsa utsi wakuda, bwato lili chiimire.

Tiyambe ndi chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira: liwiro la nsonga ya phiko. Injini ya 1HZ, ya malita 4.2, imapereka mphamvu zake zonse, pafupifupi mahatchi 130, ikamazungulira maulendo 3,800 pa mphindi. Tiyerekeze kuti mwamangirira pulopela ya mamita 1.8 mwachindunji kuinjiniyo. Nsonga ya phiko imayenda mamita 5.65 pa kuzungulira kumodzi, ndiye pa maulendo 3,800 ikhala ikuthamanga pafupifupi mamita 358 pa sekondi. Mawu amayenda m'mphepo pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Mwaonatu, nsonga yapitirira liwiro la mawu. Pamenepo mphamvu yambiri imangosanduka chiphokoso chong'amba makutu, kukankha kumachepa, ndipo phiko lenilenilo limavutika. Kaya mapiko ndi awiri kaya asanu, vuto limeneli silichoka.

N'chifukwa chake anthu a ku Florida ndi ku Louisiana ku America, kumene mabwatowa ndi ambiri m'madambo, akamagwiritsa ntchito injini ya galimoto kawirikawiri amaika chochepetsa liwiro pakati pa injini ndi pulopela, cha lamba kapena cha magiya. Chikakhala cha 2:1, injini yanu ikamazungulira 3,800 pulopela izizungulira 1,900 yokha, ndipo nsonga itsikira pa mamita 179 pa sekondi. Ena amagwiritsa ntchito injini za ndege monga Lycoming O-360, ya mahatchi 180 pa maulendo 2,700. Imeneyo inapangidwa kale kuti izizungulira pang'onopang'ono, choncho imayenda bwino ndi mapiko awiri popanda chochepetsa liwiro. 

Tsopano ku funso lanu. Phiko lililonse limadula mphepo imene phiko la patsogolo lake laivundula kale. Mapiko akakhala awiri, lililonse limapeza mphepo yabwinoko, ndiye injini yochepa mphamvu imapindula. Ndi opepukanso, otsika mtengo, ndipo kuwalinganiza kulemera sikuvuta. Koma pulopela imene mwaichepetsera liwiro imafuna malo okwanira ogwirira mphepo. Mukanatha kuitalikitsa, bwenzi zili bwino, koma kutalika kwake kumathera pa khola la zitsulo loitchinga, ndipo kholalo silingapose m'lifupi mwa bwato. Pamene simungathe kutalikitsa, m'pamene mumawonjezera phiko kapena kusankha mapiko otakata. Mabwato a mapiko anayi kapena asanu amene anzanu anawaona amakhala ndi injini zazikulu za V8 zamahatchi mazanamazana. Mapikowo anachuluka kuti athe kumeza mphamvu yonseyo.

Kwa inu ndikanasankha atatu. Amanjenjemera pang'ono poyerekeza ndi awiri, makamaka pokhota, ndipo bwato lowotcherera pamanja kunjenjemera kumalitsegula m'malumikizidwe. Atatu ozungulira modekha amachitanso phokoso lochepa. Ichi musachipeputse. Luangwa ndi kwawo kwa mvuu, ndi umodzi mwa mitsinje imene ili ndi mvuu zochuluka zedi mu Africa, ndipo mvuu yodzidzimuka m'madzi osaya imatha kugubuduza bwato. Palinso anthu amene chakudya chawo chimachokera kwa alendo odzaona nyama ku South Luangwa, amene amabwera kudzafuna bata. Musanawononge ndalama, kafunseni ku ofesi ya DNPW, nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakutchire, ndi kwa mafumu ngati bwato lotere lingaloledwe kumene mukufuna kuliyendetsa.

Pogula, funani pulopela imene mapiko ake mungawapendamitse nokha ndi sipanala. Makampani monga Sensenich ndi Warp Drive amapanga zotere. Mukaimanga, mangirirani bwato kumtengo waukulu ndi chingwe cholimba, onse atalikire, valani zotseka m'makutu, ndiye pondani mafuta mpaka pansi. Injini ikalephera kufika pa maulendo ake, mapiko akuluma mphepo mopitirira, achepetseni kupendama. Ikathamanga kupitirira, awonjezereni. Onse atatu apendame mofanana ndendende. Muyeso umenewu muubwerezenso kukatentha masana, popeza mphepo yotentha ya kuchigwa kwanuko ndi yopepuka, pulopela siigwira monga imachitira m'mawa.

Pali china chimene chikundidetsa nkhawa kuposa mapiko, ndipo sindingakubisireni. 1HZ ndi injini yokhulupirika, amakanika a kuno ku Chipata amaidziwa ngati m'thumba mwawo, koma ndi yolemera kwambiri poyerekeza ndi mphamvu imene imapereka. Pa airboat injini imakhala pamwamba ndi kumbuyo, ndiye kulemera kumeneko kumamiza tako la bwato ndi kulichititsa kupendekeka pokhota. Mukakweza anthu asanu ndi matumba a chimanga, mwina silidzanyamuka n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi. Kumbukiraninso kuti bwatoli lilibe mabuleki kapena giya yobwerera m'mbuyo, ndipo chiwongolero chake chimagwira pokhapokha pulopela ikuwomba mphepo. Mukachotsa phazi pamafuta, kukhota kwathera pomwepo.

Ndilembereninso, mundiuze kutalika ndi m'lifupi mwa bwatolo, ngati ndi la aluminiyamu kapena lachitsulo, komanso katundu amene mukufuna kumanyamula. Tikawerengera limodzi kulemera kwake, tidzaona ngati 1HZ ikhale kapena mufunefune injini ya petulo yopepukirapo musanaitanitse pulopela.