Kodi Chikhristu chinafala ndi lupanga la Constantine?

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo asiya kupita kutchalitchi. Akuti Chikhristu n'cha azungu, ndipo chinafala chifukwa mfumu Constantine ya ku Roma inachita kukakamiza anthu. Akufunsa kuti awayankhe bwanji.

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa mawu amenewo anatulukaponso pakamwa panga. Ndili kukoleji ndinkawanena monyada, ndipo ndinatha zaka zitatu osaponda m'tchalitchi. Mayi anga sanandikalipire. Kenako anadwala, matenda aja ogoneka munthu miyezi. Ine ndili kutauni, azimayi a mumpingo ndiwo ankasinthana: uyu kutunga madzi, uyu kuphika phala, wina kuchapa zofunda zimene ine mwana wawo ndinkaopa kugwira. Pamaliro anachezera kuimba mpaka mbandakucha. Palibe ngakhale mmodzi anandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira kupemphera. Zinandilasa mtima, ndipo ndi pamene ndinayamba kufufuza mbiri ya Akhristu oyambirira.

Zimene ndinapeza n'zomwe zija ndinaona pakhomo pathu. Cha m'ma 250 kunagwa mliri woopsa mu ufumu wa Roma. Dionysius, bishopu wa ku Alexandria ku Egypt, analemba kuti Akhristu ankasamalira odwala mpaka ena kufera pomwepo, pamene anthu ena ankataya abale awo m'misewu asanatsirizike n'komwe. Cha m'ma 251 Cornelius, bishopu wa ku Roma, analemba kuti mpingo wake unkasamalira amasiye ndi ovutika oposa 1,500. Nthawi imeneyo Constantine anali asanabadwe. Ngakhale Julian, mfumu imene inayesa kubwezeretsa milungu yakale, anadandaula mu 362 kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi osauka a anthu ena omwe.

Nanga lupanga linali m'manja mwa yani? Mfumu Nero inapha Akhristu ku Roma moto utabuka mu 64. Cha m'ma 112 Pliny, bwanamkubwa wa ku Bithynia (ku Turkey wa lero), analembera mfumu Trajan kuti chikhulupirirochi chafika m'midzi momwe, osati m'mizinda mokha. Mu 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu n'kulandira chikalata chaumboni. Mu 303 mfumu Diocletian inalamula kugwetsa matchalitchi ndi kutentha malemba. Pofika 313, pamene Constantine ndi mfumu inzake Licinius anapereka ufulu wopembedza, mpingo unali utadutsa kale m'zonsezi. Choncho zoti unafala ndi lupanga la Constantine ndikuzikana, ndipo ndikuzikana kwamtuwagalu.

Koma sindibisa, amuna anu ali ndi pogwira. Mfumu Theodosius itakhazikitsa Chikhristu kukhala chipembedzo cha boma mu 380, kukakamiza kunakuladi, ndipo akachisi akale anatsekedwa. Mpingo umene unkazunzidwa unaphunzira kuzunza. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Nanga za azungu?

Mu 180 Akhristu a ku Scilli anaphedwa ku Carthage, mzinda wa m'dziko limene lero ndi Tunisia. Mu 203 komweko anapha Perpetua, mayi woyamwitsa, pamodzi ndi Felicitas amene anali kapolo. Ezana, mfumu ya ku Aksum ku Ethiopia, anatembenuka m'zaka za m'ma 300, makolo a Angerezi akupembedzabe milungu yawo. Augustine, mphunzitsi wamkulu wa mpingo, anabadwira ku Thagaste, ku Algeria wa lero, mu 354. Inde, kwathu kuno amishonale achingerezi anafika ku Magomero mu 1861, koma Africa anali atakwirira kale ofera chikhulupiriro ake zaka zoposa 1,600 m'mbuyomo.

Tsono inu mayi, musawathire amuna anu zaka zonsezi ngati muli m'khoti. Afunseni modekha chimene chinawakhumudwitsa kutchalitchiko, ndipo muwamvetsere mpaka amalize. Akadzafunsa okha za mbiri, muyambe ndi mliri wa ku Alexandria uja.