Kwa achemwali amene auzidwa kuti mabuku a Mma Ramotswe ndi miseche

Imelo yanu, achemwali, ndaiwerenga katatu. Mukuti mwamaliza mabuku anayi a Mma Ramotswe m'miyezi iwiri, amuna anu akuti ndi miseche yokhayokha yotayitsa nthawi, ndiye mukufunsa ngati muli chanzeru m'nkhani za akazi ofufuza milanduzi, komanso choti muwerenge mukamaliza. Liwu loti miseche lija landilasa pamtima, moti ndinasiya kompyuta n'kukaima panja kaye.

Ndiyambire pa azakhali anga, chifukwa popanda iwo ndikanasowa chokuyankhani.

Bambo anga anamwalira ndili Fomu 2. Anagwira ntchito pakampani ina zaka zambiri, ndipo tonse tinkadziwa kuti pali ndalama zoti zibwere kwa amayi. Maliro anatha, tinameta, chaka chinazungulira, koma ndalama osaoneka. Amayi akapita ku ofesi ankauzidwa kuti fayilo yasowa, mubwere mwezi wamawa. Mwezi wamawawo ukafika, abwana ali kumsonkhano. Kunyumba nako abale ena a bambo anali atanyamula kale mipando, njinga ndi makina osokera. Amayi anali munthu wofatsa, woopa aliyense wovala tayi, ndipo anayamba kunena kuti tingozisiya m'manja mwa Mulungu. Ine sukulu inali pafupi kundithera chifukwa cha fizi.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, ankagulitsa tomato ndi usipa pamsika, ndipo sukulu analekezera Sitandade 5. Tsiku lina anafika kwathu ndi kope la ana asukulu ndi cholembera, n'kufunsa amayi masiku onse amene anapita ku ofesi kuja ndi mayina a amene anawayankha. Kenako anayamba kuyenda. Kwa abwana sanapiteko n'komwe. Anacheza ndi mesenjala, anacheza ndi mayi wosesa, anamupatsa tomato waulere mnyamata wophika tiyi. Mayi wosesayo ndi amene anawanong'oneza kuti fayiloyo sinasowe ayi, inatsekedwa miyezi 8 m'mbuyomo, ndalama zitaperekedwa kwa bambo wina amene anabwera ndi kalata yoti akuimira banja. Azakhali sanakuwe, sanaloze munthu chala. Anakwera basi kupita kumudzi, anakhala pamphasa ndi alamu awo n'kumatongola mtedza tsiku lonse, akucheza za mvula ndi za ana, maso ali padenga la malata atsopano ndi pangolo imene chaka chatha panalibe. Atabwerako anali akudziwa kuti wadya ndalamazo ndi mchimwene wawo wa bere limodzi.

Anaitanitsa akuluakulu a banja, anatsegula kope lawo, anawerenga tsiku ndi tsiku. Nkhani inafika mpaka ku boma. Zinabwerako zosakwana theka, koma zinandifikitsa Fomu 4. Ndipo dzina limene azakhali anapatsidwa kumudzi kuyambira pamenepo mpaka tsiku limene analowa m'manda linali lomwelo: mayi wamiseche, wolowerera za eni.

Patapita zaka zambiri ndinapeza buku long'ambika chikuto pamulu wa mabuku a kaunjika m'mbali mwa msewu ku Limbe. Linali The No. 1 Ladies' Detective Agency, loyamba pa mabuku a Alexander McCall Smith, limene linatuluka mu 1998. Ndinaliyamba m'minibasi ndipo ndinapitirira siteji yanga. Precious Ramotswe agulitsa ng'ombe zimene bambo ake Obed anamusiyira, atsegula kaofesi m'munsi mwa phiri la Kgale ku Gaborone, ali ndi kagalimoto koyera, matebulo awiri, taipilaita yakale ndi ketulo ya tiyi. Mfuti alibe. Chimene ali nacho ndi makutu, ndi kudziwa kuti munthu ukamupatsa mpando ndi tiyi amayamba yekha kumasula zakukhosi. Ndinawaona azakhali patsamba lililonse.

Za Obed zinandigwira penanso. Anagwira ntchito zaka zambiri m'migodi ya ku South Africa, ndipo anabwerera kwawo mapapo atadzaza fumbi. Agogo anga aamuna anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ngati amuna ambirimbiri a kuno, n'kubwerako ndi bokosi lachitsulo, chipewa ndi chifuwa chimene sichinawasiye. Mutu umene Obed akusimba za moyo wa pansi pa nthaka ndinauwerenga ndikumva kutsokomola kwa agogo usiku. Munthu amene akuti bukuli ndi miseche sanafike pamutu umenewo.

Tsono apa ndiyankhule mosabisa. Sherlock Holmes, wofufuza milandu wotchuka wa m'mabuku a ku Britain, akayang'ana matope pansapato ya munthu n'kudziwa kumene wachokera, dziko lonse limati ndi nzeru zakuya. Mayi akayang'ana malata atsopano padenga n'kudziwa kumene kwapita ndalama za ana amasiye, timati ndi miseche. Ntchito ndi imodzi. Chasintha ndi amene waigwira basi. Ine zimenezi ndimazikana, ndipo sindidzazivomera ngakhale atanena ndi munthu wophunzira bwanji. Miseche ndi kuyankhula za munthu kumbali kuti umuipitse. Kufunsa, kumvetsera, kusunga zimene wamva mpaka utatsimikiza, kenako n'kukazinena pamaso pa mwini wake, dzina lake ndi kufufuza. Akazi akhala akuchita zimenezi pachitsime, pachigayo, kusikelo ndi kumaliro kuyambira kalekale, chifukwa malo oyankhulira pabwalo sankapatsidwa.

Ndipo si zam'mabuku zokha. Mu 1856 mkazi wamasiye dzina lake Kate Warne analowa mu ofesi ya Allan Pinkerton, mwini kampani yofufuza milandu ku Chicago, kukapempha ntchito yofufuza, osati ya ukalaliki. Mfundo yake inali yoti mkazi amatha kulowa malo amene mwamuna sangalowe, n'kupalana ubwenzi ndi akazi a anthu oganiziridwa milandu. Anamulemba, ndipo mu 1861 anali m'gulu limene linadutsitsa Abraham Lincoln, amene anali atangosankhidwa kukhala pulezidenti wa America, mobisa mumzinda wa Baltimore atamva za chiwembu chofuna kumupha. Nzeru ya mayi wosesa ndi mnyamata wa tiyi ija ndi yomweyi.

Komabe m'mabuku zinatenga nthawi. Nkhani za ofufuza a ganyu ku America zinali za amuna a zipewa ndi ndudu, ndipo mkazi akaonekamo ankakhala mtembo, kapena mlembi wa pa ofesi, kapena chiphadzuwa chobwera kudzamusocheretsa mwamunayo. P. D. James wa ku Britain atalemba za Cordelia Gray mu 1972, mutu wa buku lomwelo unanena zimene anthu ankaganiza, kuti imeneyi si ntchito yoyenera mkazi. Marcia Muller anabweretsa Sharon McCone wa ku San Francisco mu 1977. Kenako mu 1982 kunatulukira awiri m'chaka chimodzi: Kinsey Millhone wa Sue Grafton ndi V. I. Warshawski wa Sara Paretsky. Warshawski, mwana wa wapolisi wa ku Chicago, amalimbana ndi akuluakulu a makampani a inshuwalansi, mabanki ndi andale, anthu akuba ndi cholembera, ofanana ndi amene anatseka fayilo ya bambo anga. Kinsey ndi mwana wamasiye woleredwa ndi mchemwali wa mayi ake, banja linamuthera kawiri, amakhala m'kanyumba kamene kanali galaja, ndipo chilichonse chimene wapeza amachilemba patimakhadi n'kumatiyala patebulo. Ndi kope la azakhali lomwe lija.

Chimene chimandikoka kwambiri, ndipo ndikuganiza kuti n'chimenenso chakukokani inu ngakhale simunachitchule, n'chakuti akazi amenewa amalipidwa. Ali ndi chikwangwani pakhomo. Munthu amagogoda, amakhala pansi, amafotokoza vuto lake, amamvera zimene mkaziyo wanena, kenako amatulutsa ndalama. Palibe amene amamuuza kuti mayi khalani chete akuluakulu ayankhule.

Za kubwererabwerera kwa munthu mmodzi

Mwina amuna anu amadabwanso kuti bwanji mabuku anayi onse a munthu mmodzi. Mlandu wa m'buku umaiwalika pakatha mwezi, koma anthu ake saiwalika. Timabwerera kuti tikaone ngati Mma Makutsi, mlembi wa Mma Ramotswe, amene anakhoza 97 peresenti kusukulu ya ulembi koma n'kumasowa ntchito pamene atsikana ooneka bwino akulembedwa, zamuyendera. Timafuna kudziwa ngati a J. L. B. Matekoni, makaniko mnzake wa Mma Ramotswe, akuvutikabe ndi anyamata awo pagalaja. Grafton ankatchula mabuku ake motsata zilembo, kuyambira A mu 1982. Anamwalira mu December 2017 atangotulutsa la Y, ndipo banja lake linati zilembo zathera pomwepo, la Z sadzalemba munthu wina. Tsiku limenelo ndinakhala ngati ndamva uthenga wa maliro a mnansi.

Ndisakubisireni chimodzi. McCall Smith ndi mzungu wa ku Scotland wobadwira ku Bulawayo mu 1948, amene anaphunzitsapo zamalamulo ku Botswana, ndipo Botswana wake ndi wotsekemera kuposa mmene moyo ulili. Matenda amene ankamaliza anthu m'zaka zimenezo amangowazungulira patali. Mukafuna mbali yowawayo, Unity Dow, mkazi woyamba kukhala woweruza m'khoti lalikulu la dzikolo, analemba The Screaming of the Innocent, nkhani ya kamtsikana kophedwa chifukwa cha zizimba. Silidzakupatsani tulo. Ine chimene ndimalakalaka ndi tsiku limene mmodzi wa ife adzalembe m'Chichewa za mayi wa chitenje amene ali ndi kaofesi kuseri kwa msika wa Ndirande, akufufuza za malo olandidwa, ndalama za banki m'khonde zosowa ndi makuponi a fetereza.

Choti muwerenge: pitirizani Mma Ramotswe motsata ndondomeko, kenako A Is for Alibi la Grafton, ndipo mtima ukalimba Indemnity Only la Paretsky. Funsani ku laibulale ndi kwa ogulitsa mabuku a kaunjika. Amuna anuwo musakangane nawo, ingowawerengerani mutu wa Obed madzulo amodzi.

Kope la azakhali ndili nalo mpaka lero, mapepala ake anachita chikasu. Patsamba lomaliza analemba ndalama zonse za basi zimene anawononga pa maulendo aja, ulendo ndi ulendo, n'kuwonkhetsa pansi pake. Palibe amene anawabwezera ngakhale tambala imodzi, ndipo ine ndinaliona tsambalo iwo atapita kale.